Mpingo ukutitumiza kwa a Acholi kumpoto kwa Uganda, tivomere kapena tikane?

Uthenga uwu wachokera kwa m'busa wina wachinyamata, ndaufupikitsa pang'ono:

"Abusa, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamkulu ali sitandade 3, wamng'ono sanayambe sukulu. Akuluakulu a mpingo andifunsa ngati ndingapite kukatumikira zaka zitatu kumpoto kwa Uganda pakati pa a Acholi, chakufupi ndi Kitgum. Ine mtima ukufuna, kuyambira ku koleji ndakhala ndikupempherera zokafikira anthu amene uthenga sunawafike. Koma mayi akunyumba akukana, akuti kumeneko nde kwa Kony kuja, apongozi anga nawo amva kale nkhaniyi moti sakugona. Ndamva kuti inu munakhalako. Kuli bwanji? Nkotetezeka? Chilankhulo tikachitha? Nanga poti tonse ndife akuda, si nde kuti sitikavutika ngati mmene amavutikira azungu?"

Abusa anzanga, zikomo polemba, ndipo mitima ikhale pansi makamaka wa mayi busa. Musawakalipire kuti alibe chikhulupiriro, mantha awowo ali ndi pochokera, nafenso mayi akwathu analira sabata yathunthu titauzidwa zopita mu 2009 ndipo tinakakhala zaka 7 nkubwerako tonse amoyo. Nkhondo ya Joseph Kony ndi gulu lake la zigawenga la LRA inalikodi, inayamba cha mu 1987 ndipo inatenga pafupifupi zaka 20, koma mfuti zinasiya kulira kumpoto kwa Uganda mu 2006 zokambirana za mtendere za ku Juba zitayamba. Otsala a gululo anathawira ku Congo ndi ku Central African Republic, kutali kwambiri ndi kumene mukupitako. Tauni ya Gulu, imene ili ngati likulu la dera la a Acholi, pano ndi mzinda wa mabanki, mahotela ndi yunivesite, anaupatsa ulemu wa siti mu 2020. Kitgum ndi tauni yocheperapo koma msewu wake ndi wa tala, netiweki ilipo, Airtel yomwe mukuidziwayi iliko pamodzi ndi MTN. Zimene zingakupwetekeni kumeneko ndi zomwe zimatipweteka kuno: njinga zamoto za kabaza zimene iwo amati boda boda, mabasi othamanga usiku pa msewu wa makilomita oposa 330 wochokera ku Kampala, ndi malungo. Ngati malo amene akukuikani ali chakummawa kumalire ndi Karamoja, funsani bwino za akuba ng'ombe, amenewo amabwerabe nthawi zina. Apongozi auzeni zimenezo basi, akagone.

Tsono chimene chandiimitsa ine mu uthenga wanu si mantha a mayi ayi, ndi mawu anu aja oti anthu amene uthenga sunawafike. Achimwene, mawu amenewo muwasiye pa eyapoti ya Kamuzu, musakwere nawo ndege. A Anglican a bungwe la mishoni la CMS anafika kwa a Acholi cha mu 1904, ansembe a Comboni, omwe aja ali ku Lunzu, anatsegula mishoni ku Gulu mu 1911 ndi ku Kitgum mu 1915. Mu Okutobala 1918 anyamata awiri a chiAcholi, Daudi Okelo ndi Jildo Irwa, amene ankaphunzitsa katekisimu ku Paimol, anabayidwa ndi mikondo chifukwa chokana kusiya ntchitoyo, wamng'onoyo anali ndi zaka pafupifupi 12 zokha, ndipo Papa John Paul II anawatcha odala mu 2002. Janani Luwum, arkibishopu wa Anglican amene anaphedwa pa 16 Febuluwale 1977 atadzudzula Idi Amin pamaso, anali mu Acholi wa ku Mucwini, pafupi pomwe ndi Kitgum, manda ake ali pomwepo ndipo tsikulo pano ndi holide dziko lonse la Uganda. Dokotala Matthew Lukwiya wa pachipatala cha mishoni cha Lacor anafa ndi Ebola mu Disembala 2000 akusamalira odwala pamene akanatha kuthawa. Mu 2003 atsogoleri a zipembedzo, Arkibishopu John Baptist Odama wa Katolika, Bishopu Macleod Baker Ochola wa Anglican ndi anzawo, anatenga mabulangete nkukagona pa depoti ya mabasi ku Gulu pamodzi ndi ana amene ankathawa mmidzi usiku uliwonse kuopa kubedwa. Bishopu Ochola ameneyo akazi awo anafa ndi bomba lokwirira pansi ndipo iwo anapitirizabe kulalikira kukhululuka. Nde ineyo ndinafika ndi dipuloma yanga ndi suti ziwiri kudzawaphunzitsa anthu amenewa za kusenza mtanda, pano ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Sindikunena kuti ntchito kulibe. Iliko yambiri, abusa ophunzira ndi ochepa kumidzi, mipingo ina inamwazika nthawi ya nkhondo, achinyamata ambiri anakulira mu kampu ya othawa nkhondo osaona bambo awo akulima kapena kukhala pa moto wamadzulo umene iwo amati wang oo, pamene akulu ankaphunzitsira ana mwambo. Koma mukupita kukathandiza mpingo umene ulipo kale, wa eni ake, wokhala ndi akulu ake ndi mikangano yake. Mukapita ngati wodzayambitsa, adzakulandirani bwinobwino, adzakuphani nkhuku, adzakuomberani mmanja, kenako adzangokuyang'anani mukuzungulira mpaka zaka zitatu zithe. Alendo otere awaona ambiri.

Za khungu lakuda zija, eee ndi ayi. Zoona simudzathamangiridwa ndi ana akukuwa munu munu ngati mmene amachitira akaona mzungu, ndipo zambiri simudzachita kuphunzitsidwa: kugwada, kulandira chinthu ndi manja awiri, kukhala pamaliro osayang'ana wotchi, kudya chimene mwapatsidwa. Apo tili patsogolo. Koma pali zina zimene mzungu amakhululukidwa inu simudzakhululukidwa, iye akalakwitsa amati ndi mlendo sadziwa, inu adzati ameneyu akudziwa koma ndi wamwano. Komanso mukangotsegula pakamwa adzakuyesani wa kummwera kwa Uganda, kutsidya kwa Nile, ndipo pakati pa kumpoto ndi kummwera pali mbiri yowawa, anthu ambiri amakhulupirira kuti boma linawasiya dala kuvutika ndipo ena anazunzidwa ndi asilikali a boma omwewo osati a Kony okha. Nenani msanga kuti ndinu wa ku Malawi, ndipo za ndale za ku Uganda pakamwa panu pazikhala potseka olo mu gulu la WhatsApp.

Chilankhulo nde ndikuuzeni zoona, chidzakuliritsani. Mukamamva Luganda ku Kampala mudzatola mawu apa ndi apo, omuntu, amazzi, nkumadzimva kuti zitheka, koma mukawoloka mlatho wa Karuma makutu anu a chiBantu atha ntchito. Leb Acoli, chilankhulo cha a Acholi, ndi cha banja la a Luo, pachibale ndi cha a Lango, a Alur ndi a Luo a ku Kenya. Mawu ake ndi afupiafupi ngati akudula ndi mpeni: madzi ndi pii, nyumba ndi ot, ng'ombe ndi dyang, munthu ndi dano, chakudya ndi cam ndipo c ameneyo amatchulidwa ngati ch wathu. Mulibe s, nchifukwa chake Yesu amati Yecu. Chovuta ndi kakwezedwe ka mawu, mofanana ndi mmene ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma kwa iwo nzochuluka. Apwoyo ndi zikomo, ndi moninso, komanso ndi kalulu, moti miyezi yoyamba ana ankagwa nako kuseka ine ndikuthokoza mayi wina ndi mawu oti kalulu. Tong ndi dzira komanso mkondo. Kec ndi njala komanso kuwawa. Ine ndinatenga chaka ndi theka kuti ndilalikire mphindi 10 popanda womasulira, mayi busa anandipitirira ndi kutali chifukwa iwo ankaphunzirira pa mjigo ndi pamsika pamene ine ndinali ndi kope ndi bolopeni mu ofesi. Nde pemphani mpingo kuti miyezi 6 yoyamba asakupatseni udindo wina uliwonse koma kuphunzira chilankhulo, mulipire mphunzitsi, makamaka wopuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo musamalire chingerezi chifukwa mu tauni aliyense adzakuyankhani mchingerezi nkukugonetsani. Anthu amene mukuwafunawo, agogo, amayi a kumudzi, obwera kuchokera kutchire kwa zigawenga, zamumtima amazinena mu chiAcholi basi.

Ndipo pa dzina la Mulungu penipenipo pali nkhani. A Katolika amati Rubanga, a Anglican ndi ena amati Lubanga, ndipo ophunzira a chiAcholi akhala akunena kuti amishoni oyamba anatola dzinali molakwitsa, kuti kale linali dzina la jok, mzimu umene anthu ankati umapinda msana wa munthu nkumupatsa linunda. Lero aliyense akati Lubanga akunena Mulungu wa m'Baibulo, palibe vuto, koma ine nkhaniyi inandithandiza kudzikayikira, ngati azungu aja anakhala zaka akulalikira ndi mawu amene eni ake ankamva zina, ine ndi womasulira wanga wa Fomu 4 tinkanena chiyani kwenikweni?

Tsopano nkhani yaikulu, imene palibe anandikonzekeretsa. Nkhondo inatha koma imabwera ku tchalitchi Lamulungu lililonse nkukhala pa benchi. Kuyambira 1996 boma linasonkhanitsa anthu mmakampu, pofika pachimake anthu pafupifupi 1.8 miliyoni anali atachoka mmidzi yawo, kampu ya Pabbo yokha inali ndi anthu oposa 60,000, tinyumba taudzu togundana, chakudya chodikira pa mzere. A LRA ankaba ana nkuwasandutsa asilikali ndi akazi a akuluakulu awo, ndipo kawirikawiri ankamukakamiza mwana kupweteka a kwawo komwe kuti asaganizenso zothawa. Boma linakhazikitsa lamulo lokhululukira obwerera mu 2000, wailesi ya Mega FM ku Gulu inkawaitana pa pulogalamu ya Dwog Paco, kutanthauza bwerera kumudzi, ndipo ambiri anabwerera. Anabwerera kuti? Kumudzi komwe kuja. Mwezi wanga wachitatu ndinalalikira Mateyu 18, kukhululuka ka 70 kuchulukitsa ka 7, ndinatuluka thukuta, ndinapereka chitsanzo cha mnzanga amene anandibwereka ndalama ku koleji osabweza. Mapemphero atatha mkulu wa mpingo wina anandiitanira pansi pa mtengo wa mango, anandithokoza kaye monga mwa ulemu wawo, kenako anati lapwony, ndiye kuti aphunzitsi, mayi uja amakhala benchi yachitatu mwamuona? Mnyamata woimba ng'oma mu kwaya mwamuona? Anali mu gulu limene linapha amuna awo a mayiwo, pa nthawiyo iye ali ndi zaka 13, ndipo onse awiri akudziwa. Sananene china, anangoyamba kufunsa za mvula ya ku Malawi. Ndinatha chaka osakhudzanso mutu umenewo.

Nde lamulo langa kwa inu ndi ili, musafunse munthu kuti nthawi ya nkhondo munali kuti. Musafunse za chipsera, za mlomo kapena khutu lodulidwa. Musaitane obwerera kutsogolo kuti apereke umboni, ndipo chonde musajambule nkuika pa Facebook kuti otithandiza aone, anthuwa anafunsidwa mafunso ndi mabungwe ndi ofufuza mpaka anatopa, ena nkhani yawo anaigulitsa kambirimbiri osaona phindu. Akakukhulupirirani adzakuuzani okha, mwina chaka chachiwiri, mwina mukupalira limodzi mawere, ndipo tsiku limenelo ntchito yanu ndi kumvetsera osati kutsegula vesi.

Mudzakumana ndi mawu oti cen. Ndi mzimu wa munthu amene anafa moipa kapena sanaikidwe bwino, umene amati umakakamira amene anamupha, kapena amene anangodutsa pa mtembo, nkumamulotetsa zoopsa, kumukwiyitsa, kumusokoneza mutu, mpaka kugwira ana ake. Ife a Malawi apa timathamangira kudzozedwa ndi kutulutsa ziwanda, ndipo mipingo yatsopano mu Gulu ndi Kitgum ikuchita zomwezo usiku ndi usiku ndi masipika. Ine ndimakhulupirira pemphero, ndapempherera anthu ambiri, koma ndinaona mnyamata akukuwiridwa ndi anthu 8 atamuzungulira, atamugwira manja, iye nkukomoka, iwo nkumati chiwanda chatuluka, pamene chimene chinachitika nchoti anamubwezera kutchire kuja kumene ankamuzungulira chonchonso. Munthu wotere mupempherereni mwakachetechete, atakhala pansi, chitseko chili chotsegula, ndipo ngati sakugona masabata, akumva mawu, akumwa waragi, kachasu wa kumeneko, kuyambira mmawa, akumenya mkazi, kapena wanena zodzipha olo mwanthabwala, musachedwe, mupite naye kuchipatala. Chipatala chachikulu cha boma ku Gulu chili ndi mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo sabata yoyamba yomwe mufunse amene amaona zimenezi pachipatala cha pafupi nanu nkusunga nambala yake. Kudzipha kumachitika kumeneko, si nkhani yongomva.

Pa miyambo yawo yoyanjanitsa mudzafunika kuganiza nokha, ine ndingokuuzani pamene ndinaima. Munthu akabwera kuchokera kutali kumene wakhalitsa, asanalowe pakhomo amaponda dzira laiwisi, amati nyono tong gweno, kusonyeza kuti zakunja zatsala kunja. Ndipo pakakhala kuti munthu waphedwa pali mato oput: wopha aulule yekha, fuko lake livomere mlandu nkulipira, akulu ayende pakati mwina kwa zaka, kenako mbali ziwirizo zigwade, manja kumbuyo, nkumwera mchikho chimodzi chakumwa chowawa cha muzu wa mtengo wa oput, aphe nkhosa, adyere pamodzi. Akhristu ena, makamaka a chitsitsimutso amene amatchedwa Balokole ndi a Pentekoste, amakana zonsezi kuti mwazi wa Yesu ndi wokwana. A Katolika ndi a Anglican ambiri amapitako. Ine poyamba ndinakana, kenako nditaonerera kamodzi ndinadzifunsa kuti kodi mu mpingo wanga muli chiyani chimene chimafuna kuti wolakwa aulule poyera, abweze, ndipo mabanja awiri adye mbale imodzi? Ife timangoti gwiranani chanza, tiimbe nyimbo. Kumene ndinakana mpaka kubwerako ndi kwa ajwaka, woombeza, ndi zopereka nsembe pa kachisi wa makolo amene amati abila. Inu mwina mzere wanu mudzaulemba pena, koma musaulembe mwezi woyamba, ndipo musaulembe nokha popanda abusa a chiAcholi amene akhala akulimbana ndi funsoli kuyambira inu musanabadwe.

China chimene chidzakudabwitsani monga munthu wa kwathu kuno ndi banja ndi malo. Iwo mwana ndi wa kwa bambo, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ukwati umalimba ndi ng'ombe. Koma ng'ombe zawo pafupifupi zonse zinabedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nde mudzapeza anthu akhala limodzi zaka 15, ana 6, osadalitsa ukwati chifukwa malowolo sanathe, ndipo mmipingo yambiri anthu otere sadya mgonero. Mukangofika nkuyamba kudzudzula za kulowana, mukudzudzula umphawi. Ana amene anabadwira kutchire nde ali pamavuto enieni, bambo sadziwika kapena fuko lake likukana, ndiye kuti alibe munda. Milandu ya malo ili paliponse chifukwa anthu pobwera kuchokera ku kampu akulu odziwa malire anali atafa, ndipo ngati wina akupatsani malo omangapo tchalitchi musathamangire kuumba njerwa, malo ambiri ndi a fuko osati a munthu mmodzi, funsani rwot, mfumu ya fukolo, ndi akulu onse asaine. Ife tinamanga mpaka pa windo kenako ana a mchimwene wa wopereka uja anabwera ndi zikwanje, khoma lija mwina likadalipo mpaka lero mbuzi zikugonamo. Maliro amaika pakhomo pomwepo, pafupi ndi nyumba, osati kumanda kwa msitu ngati kwathu, nde musadabwe kukhala pa mpando pafupi ndi mtumbira mukumwa tiyi.

Ndalama. Apa mundimvetsere bwino chifukwa amishoni a chiAfrika ambiri amene ndawaona akubwerera msanga sanathamangitsidwe ndi mfuti koma ndi njala. Mzungu amabwera ndi Land Cruiser, inshuwalansi ndi mipingo 20 kwawo yomutumizira madola. Inu mpingo udzakutsanzikani ndi kwaya ndi misozi, miyezi 4 yoyamba ndalama idzabwera, kenako muzidzamva kuti msonkhano wa komiti sunakhale, kwacha yagwa, forex kulibe ku banki. Ife tinakhalapo miyezi 5 osalandira kanthu, amene anatidyetsa ndi amayi a mumpingo omwe tinapita kukawatumikira aja, ankabwera ndi mbatata ndi nandolo mmawa osanena kanthu. Musanavomere pemphani kalata yosainidwa yonena ndalama zingati pamwezi, mu ndalama ya dziko liti, adzatumiza bwanji, nyumba alipira ndani, fizi ya ana, chipatala, tikiti yobwera ku holide, komanso, pepani kunena, wina akamwalira mtembo udzabwera ndi ndalama ya ndani. Akati mukusowa chikhulupiriro muwauze kuti Paulo naye ankalemba makalata a ndalama. Pakhalenso kalata yochokera ku mpingo wa ku Uganda wokuitanani, ndi iwo amene akuyenera kukupezerani chilolezo chogwirira ntchito cha amishoni, musalole zoti mukalowe ngati mlendo zina tikaonera konko. Ndipo dziwani kuti nkhondo itatha mabungwe anadzaza Gulu ndi magalimoto oyera ndi ma alawansi a mawekishopu, nde ena akamva kuti mishonale akuyembekeza pulojekiti. Nenani poyera kuyambira tsiku loyamba kuti mulibe, ena adzachoka, asiyeni apite. Musalonjeze fizi ya mwana wa munthu ngati simungathe kumufikitsa kumapeto.

Za mayi busa ndi ana, apa nde pagona yankho la funso lanu loti muvomere kapena ayi. Inu mudzakhala ndi ntchito, dzina, anthu okuitanani. Iwo adzakhala pakhomo, kotentha, opanda mnzawo wolankhula naye Chichewa, maliro a kwawo akuwamvera pa foni. Ngati sanavomere ndi mtima wawo, osati kungogonja chifukwa abusa anena kuti Mulungu wayankhula, musapite, kapena pemphani mpingo ukulipireni ulendo wa masabata awiri nonse awiri mukaone kaye. Si tchimo kuyankha kuti chaka chino ayi. Chakudya asade nacho nkhawa, ufa wa chimanga ulipo amati posho ngakhale eni ake nsima yawo yeniyeni ndi ya mawere, kwon kal, yakuda yolimba yoti ukadya masana madzulo sufunanso kanthu. Malakwang ndi chidede chathu chomwechi chotendera ndi chiponde cha mtedza ndi chitowe chimene amati odii, boo ndi chitambe, therere liliko, nandolo aliko, ngumbi amadya ngati ife. Mwana wamkulu adzasokonezeka pang'ono chifukwa sukulu kumeneko imayamba Febuluwale ndipo pulayimale imathera P7, kunena kwake sitandade 7, komanso sukulu za boma za kumudzi makalasi oyamba amaphunzitsa mu chiAcholi, nde mufunse za sukulu ya chingerezi mu tauni ndi mtengo wake musanapite. Wamng'onoyo musamudere nkhawa, pakatha miyezi 6 azidzakumasulirani ndi iyeyo. Katemera wa yellow fever mufunsiretu ngati akufunika pa boda, wa hepatitis B mubayitse banja lonse chifukwa kumpotoko matendawa ndi ochuluka, ndipo musanamizidwe kuti poti ndife a Malawi malungo tinawazolowera, mwana akatentha thupi kukayezetsa tsiku lomwelo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumatentha ngati ku Nsanje, mphepo ya fumbi, tchire likupsa mbali zonse.

Inunso mudzidziyang'anira. Munthu ukamva nkhani zoopsa tsiku ndi tsiku zimakulowa osadziwa, ine chaka chachinayi ndinayamba kulota zinthu zimene sizinandichitikire ine, kukalipira ana popanda chifukwa, kuthawa anthu, pemphero louma gwaa, ndipo ndinkati ndi kutopa chabe mpaka mayi busa anaimbira foni wansembe wina wachikulire wa mpingo wina amene anakhala kumeneko nthawi yonse ya nkhondo. Bambo amenewo ankandipatsa tiyi Lachiwiri lililonse kwa miyezi ingapo nkumandisiya ndilankhule, kenako ananditumiza kwa mlangizi wophunzira za maganizo ku Gulu. Mupezeretu munthu wotere musanamufune. Ndipo mukaona mayi busa akuonda, sakutuluka mnyumba, akulira kawirikawiri kopitirira mwezi, kapena mwana wasiya kulankhula ndi kusewera, kapena ndalama yasiya kubwera miyezi itatu popanda chifukwa chomveka, lembani kalata kwa akuluakulu ndipo ngati sizikusintha bwererani, ndi bwino kubwera chaka chachiwiri banja lili lonse.

Adzakupatsani dzina, ine anandipatsa Otim, dzina la mwana wobadwira kutali ndi mudzi, ndipo agogo ena mpaka tsiku lotsanzika sanadziwe dzina langa lenileni. Mukalandira lanu mufunse tanthauzo chifukwa mayina awo amanena zinthu, Komakec ndiye kuti ndine watsoka, Opiyo ndi Ocen ndi mapasa. Panopa yambani ndi izi, inu ndi mayi busa muzipatsana mmawa uliwonse: itye nining, kutanthauza muli bwanji, yankho lake atye maber, ndili bwino. Mayi busa akafuna kulankhula ndi mayi akwathu paokha, popanda ife abusa kumvetsera, nditumizireni uthenga ndikupatsani nambala, ali ndi zambiri zimene ine sindinazione. Akuti muwauze atenge mthiko ndi chipande chawo, za kumeneko sizikhala bwino mmanja.